Nsalu Yoyabwa

Kalipentala anali kupala mwendo wa tebulo pomwe anaona kasitomala winanso akuwoloka msewu. Anali mayi wa lesitilanti, amene kwa zaka zisanu ndi zitatu mipando yake yonse ankakhometsa kwa iyeyo. Lero ngakhale moni sanapereke. Analunjika kutsidya, kwa Nyezinyezi.

Dzinali anthu anam'patsa chifukwa cha katundu wake. Mkuluyo anatsegula shopu chaka chatha ndi mipando yopanda msomali ngakhale umodzi, yowala ngati mbale yatsopano. Ankati ndi ya faibagalasi: nsalu ya ulusi wa galasi yoyalidwa m'chikombole, n'kuipaka guluu wotchedwa rezini mpaka iume gwa. Chiswe sichiidya. Mvula ikaigwera imangotsetsereka.

"Mabeseni amenewo," Kalipentala ankauza aliyense wofuna kumva. "Munthu wandevu zake n'kumakhala m'beseni?"

Koma nsanje inkamudya. Chomuwawa kwambiri chinali choti mipandoyo inali yabwinodi. Tsiku lina, mwini wake atapereka nkhongo, anakhalapo pa umodzi mwachangu. Msana wake unakhazikika bwino moti anakwiya tsiku lonse. Munthu wa zikhadabo zoyera ngati uja anaphunzira kuti momwe msana wa munthu umapindikira?

Ndiye anaganiza zoyesa yekha, mwakachetechete. Anagula mita imodzi ya nsaluyo, chitini cha rezini ndi kabotolo ka mankhwala oumitsira. Wogulitsa anam'langiza kuti mankhwalawo azidontheza pang'onopang'ono, koma iye, poti ndi mmisiri wa zaka makumi awiri, anakhuthuliramo theka la botolo. Chitini chinatentha, chinafuka utsi, ndipo rezini inauma burashi ili chiimire pakati. Mpando sunatuluke. Chomwe anapindula ndi kuyabwa. Timaulusi tagalasi tinam'lowa m'mikono ndi m'khosi, ndipo anakanda masiku atatu ngati galu wa nthata.

N'chifukwa chake, masana ena mkazi wake atam'bweretsera chakudya ku shedi, Kalipentala anasiya kutafuna. Mayiyo ankakanda mkono. Kenako anakanda pakhosi, pamene kolala imakhudza. Kuwala kwa dzuwa kutalowa pazenera, pamkono wa bulauzi yake panaoneka tinthu tonyezimira.

"Mwadwala mphere kodi, mayi?"

"Sopo watsopanoyu sakundiyanja, bambo," anayankha motero, maso ali pa mbale.

Sopo! Powerama kuti atole mbale, tsitsi lake linatulutsa fungo lakuthwa, lotsekemera pang'ono, lomwe Kalipentala analidziwa bwino. Mumsewu wonsewo munali nyumba imodzi yokha yonunkha choncho.

Anayamba kuphatikiza zinthu. Miyezi yonseyi mkazi wake ankachoka m'mawa uliwonse, ati kukathandiza mkulu wake ku golosale. Ankabwera atatopa koma akuimba. Anali atasiya kumufunsa za ntchito, atasiyanso kubwera kudzaima pakhomo la shedi n'kumaonerera manja ake monga kale. Ndipo iye akanyoza mabeseni aja, mayiyo ankakwinya nkhope ngati wanyozeredwa m'bale wake.

Kutaya makasitomala akanatha kupirira. Makasitomala ndi mbalame, zimatera pomwe pali mapira. Koma mkazi? Mayi wa ana ake? Nsalu ija siyabwa munthu wongodutsa pamsewu. Imayabwa amene waikhudza, kapena amene wakhudzana ndi woikhudza. Kalipentala akaganiza zala zoyera zija zili pakhosi pa mkazi wake, randa inkamupulumuka m'manja.

Sanafunse munthu aliyense. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye anafuna kudzionera yekha. M'mawa mwake mkazi wake atatsanzika, anam'tsatira chapatali. Mayiyo anadutsadi njira ya ku golosale, koma pa mpopi anakhota, nazungulira kuseri kwa mashopu, n'kulowa pa kachitseko ka malata ka shopu ya Nyezinyezi. Sanagogode n'komwe. Anali ndi kiyi wake.

Kalipentala anadikira theka la ola kuti akawagwire bwino. Kenako anawoloka msewu, utuchi uli mbuu m'mutu ndi m'malaya, nalowera kutsogolo. Anapeza Nyezinyezi akuchokera m'chipinda cha kumbuyo, akukoka chitseko mosamala. Atamuona Kalipentala, mkuluyo nkhope inamugwa.

"Akulu, takulandirani. Khalani pansi."

"M'beseni? Mkazi wanga ali kuti?"

Nyezinyezi anatambasula manja kutchinga chitsekocho. "Chonde, akulu, musalowe panopa. Mphindi khumi zokha. Mukalowa panopa zonse zionongeka."

"Zaonongeka kale!"

Anamukankhira kumbali. Anali atakonzeka kuona bedi, kapena mphasa, kapena zovala zili mbwee pansi. Anamenya chitseko ndi phewa.

Fungo la rezini linam'menya m'maso. M'chipindamo munali zikombole zisanu ndi chimodzi zitandandalikana kukhoma, sikelo yaing'ono, ndi mabotolo olembedwa manambala ndi dzanja lomwe iye ankalidziwa. Pakati panaima munthu wovala ovololo, magolovesi ndi chotchinga pamphuno, akuyendetsa burashi pa nsalu yonyowa, mofulumira koma mosaphonya ngodya ngakhale imodzi. Sanadzutse mutu.

"Tsekani chitsekocho, bambo," anatero mkazi wake. "Utuchi wanuwo ukagwera apa, mpando wa mayi wa lesitilanti watha."

Kalipentala anatembenukira kwa Nyezinyezi, kukamwa kuli yasa.

"Ine ndimangogulitsa, akulu," anatero mkuluyo akusisita chigongono. "Ngakhale kusakaniza rezini sindidziwa. Mmisiri amene mwakhala mukumutukwana chaka chonsechi ndi mayiwa."