Zitumbuwa za Akhwangwala

Panali munthu wina kudera la Chikomeni ku Lundazi, dzina lake Ezron, mlimi wa fodya ndi mtedza. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi, ndipo chiimvereni mtima wanga sunakhale pansi. Ezron anali wolimbikira, pamenepo tisamunamizire, koma makutu ake anali ongokongoletsa mutu. Iye ndi mkazi wake Keziya anali ndi mwana mmodzi yekha, Towela, wazaka zinayi, amene anabadwa atamudikira zaka zisanu ndi ziwiri.

Mvula itagwa, Ezron anabzala mtedza. Akhwangwala anabwera pambuyo pake n'kufukula mbewu phando ndi phando. Anabzalanso, iwo anafukulanso. Atabzala kachitatu anaimika chidole chovala malaya ake akale, akhwangwala n'kumatera pamutu pake penipeni.

Alimi ena kumeneko amati ukapachika khwangwala wakufa pamtengo pakati pa munda, anzake sayandikiranso. Ezron anazika mtengowo, chinangotsala ndi khwangwala. Legeni inalephera, msampha unalephera. Pamenepo anakumbukira mankhwala ophera tizilombo panazale ya fodya.

M'mawa wina anagula zitumbuwa zisanu, nakhala kuseri kwa chigafa choumitsiramo fodya, akuzibowola ndi kudonthezamo mankhwalawo. Anamupeza ndi mayi Jemima, mphunzitsi wochokera ku Chipata, amene ankakhala nyumba yoyandikana nawo.

"Monile ba Ezron. Nanga vitumbuwa vakulakwilani chani?"

"Ni va alendo anga aku munda, madamu. Nifuna mmodzi chabe wopachika."

"Osayesa," anatero mayi Jemima. "Khwangwala samaliza chakudya pamene wachipeza. Amanyamula, akabisa kuti akadye mawa. Ni khalidwe la mtundu wao wonse, olo abale ao aku maiko akutali amachita vamene ivo. Ndipo aba anu amagona mu bulugamu uyu wa pa nyumba panu."

Ezron anaseka mpaka kutsokomola. "Madamu, imwe mbalame mumazionela m'mabuku, ine zanidyela mbeu kawili. Munda uli kutsidya kwa dambo. Kulibe mwana angafikeko."

Keziya naye anayesa. "Awiske Towela, mvelani madamu. Tizasinthana kulonda mpaka nshawa zimele. Ni wiki imodzi chabe."

"Nizilonda mbalame ine, nanga fodya asamale ndani?"

Ezron atanyamuka, Towela anaona zitumbuwa m'pepala n'kumuthamangira. "Adada, nipatseniko!" Ezron anakweza pepalalo m'mwamba, mwana n'kuyamba kulira.

"Ivi si vako, mama. Chako nizakubweletsela, chikulu."

Kumunda ananyema zitumbuwazo zidutswa zikuluzikulu, naziyala pachulu, n'kupita kukapalira fodya. Dzuwa litapendeka anabwerera pachulu paja. Panalibe chidutswa n'chimodzi chomwe, panalibenso khwangwala wakufa. Anafufuza m'mizere yonse, osapeza ngakhale nthenga. Anabwerera kunyumba akutukwana.

Asanafike n'komwe pakhomo, Towela anamuthamangira, kukamwa kuli mafuta okhaokha.

"Yewo adada! Nachipeza!" anatero pomuthokoza.

"Wapeza chani?"

"Chitumbuwa changa. Munanibisila pa chigafa."

Anamukoka dzanja kukamuonetsa. Kuseri kwa chigafa, pamulu wa udzu wofolera, panali kabowo. Mwanayo anali ataona khwangwala akusokapo kanthu ndi mlomo wake, ndipo mbalameyo itauluka anakafukula. M'kadzanja kake munatsala nyenyeswa. Ezron atanunkhiza, anamva fungo la mankhwala aja.

Keziya anataya ndowa ya madzi n'kukuwa. Posakhalitsa Towela anayamba kusanza, dovu lili chuchuchu, maso atatembenuka. Mayi Jemima anathamanga kukaitana wa njinga yamoto, koma pamtsinje madzi anali atasefukira ndipo njinga sinathe kuwoloka. Ezron anabereka mwana wake, nawoloka madzi akumulekeza m'chifuwa, n'kuthamanga wapansi. Chipatala chikuonekera chapatali, anamva timanja tija tamasuka pakhosi pake.

Abale anga, pali zinthu zimene kupepesa sikungazifike. Palibe amene anamukalipira pamaliro. Mayi Jemima sananene kuti ndinakuuzani, anangokhala pambali pa Keziya akulira naye. Maliro atatha, Keziya anamanga katundu wake n'kubwerera kwawo ku Kapichila. Sanatukwane. Anangoti sangathe kumwa madzi pakhomo pamene pali chigafa chija.

Mtedza uja unamera bwinobwino, koma unaolera m'munda chifukwa panalibe wokumba. Mtengo wopachikapo khwangwala ukadali chiimire, ndipo akhwangwala amateraponso m'mawa uliwonse. Ezron alipo, ngati tingati kumeneko ndi kukhalapo. Amakhala kuseri kwa chigafa tsiku lonse. Ukamupatsa moni sayankha moniwo, amangokuyang'ana n'kunena mawu omwewomwewo:

"Mwana ananiuza yewo."

Phunziro: Mankhwala a fodya ndi a fodya, musawathire m'chakudya, ngakhale chikhale cha mbalame. Poizoni ukachoka m'manja mwanu sumvanso za inu, ndipo njira ya kunyumba kwanu ukuidziwa. Wina akakuchenjezani pa chinthu chimene akuchidziwa, imani kaye mumve, ngakhale asanagwirepo khasu. Musaisunge nkhaniyi m'foni mwanu. Ikafike kwa mlimi aliyense amene mukumudziwa mbewu zisanalowe m'nthaka, mwina mwana wina n'kupulumuka.