Mkanda wa Apongozi

Mayi Zulekha anayambira kuyang'ana nsapato, ndipo anakwinya nkhope pompo. Zinali zijombo zachimuna, matope ataumirira m'mbali, ndipo mwini wake anali atapondetsa kale pamkeka asanakumbukire kuvula. Ameneyu ndiye Melina wa ku Budiriro, mtsikana amene mwana wawo Nasiri anabwera naye kwawo ku Epworth kuti makolo amuone.

Nasiri anali atanenetsa kuti amayi ake akakana, ukwati palibe. Tsono nkhani yonse inali pakamwa pa Mayi Zulekha, ndipo yankho linali litapsa kale. Ayi.

Mkazi wanji wovala thalauzi long'ambika m'mawondo, kamera ili lende pakhosi ngati belu la ng'ombe? Ntchito yake akuti ndi kukwera mapiri, kujambula mbalame ndi maluwa akutchire, n'kumatola timiyala topangira mikanda ndi ndolo zogulitsa pa foni. Munthu wamkulu ndithu, mano onse ali m'kamwa, kumatola miyala! Tiyi analandira ndi dzanja lamanzere. M'zikhadabo munali dothi loti n'kufesamo mpiru.

Pa ukhondo Mayi Zulekha sankaseka ndi munthu. Kapu imene wamwera mlendo ankaitsuka mpaka kulira. Ngakhale chimbudzi chawo chitagumuka ndi mvula ya chaka chino, madzi a pamjigo n'kukhala oimira pamzere mpaka miyendo kuuma, uve sunalowe pakhomo pawo. Chisilamu chili ndi njira yake: madzi akasowa, munthu akapita kuthengo amadziyeretsa ndi miyala yosalala. Iwo ankachita kutsikira okha kumtsinje kukawasankhira amuna awo. Nanga uyu wa kamerayu angadziwe chiyani za ukhondo wotere?

Melina anagwada, mawondo ali pamtunda, n'kupereka kaphukusi, akuwatchula mayi mwachishona.

"Mhamha, ndakupangirani kamphatso."

Mayi Zulekha anakalandira ndi nsonga za zala. Kenako anakamasula. Unali mkanda wa miyala yosalala, yotuwa ndi yofiirira, uliwonse ataukulunga bwinobwino ndi waya wamkuwa. Pakati panali mwala woyera wokhala ndi kamzere kakuda. Anayesetsa kuupezera chilema, koma chinasowa. Miyalayo inawaonekera ngati anaionapo kale, monga zimakhalira ndi chinthu chimene mtima wachikonda.

Chikwatiwire, mphatso zimene iwo ankalandira zinali mapoto ndi zikho basi. Anakumbuka kuti Nasiri anatchulapo zoti mwezi watha mtsikanayu anali kuphiri ku Nyanga. Ndiye kuti mwana wa eni akeyu anakwera chiphiri chonse chija, n'kutsika ndi miyala kumsana, akuganizira iwo! Manyazi anawagwira pang'ono.

Pakona, amuna awo, Bambo Yakub, anavala magalasi, n'kusuzumira, n'kuyamba kutsokomola.

"Abambo ake Nasiri, taugwirani muone kusalala."

Mkuluyo anabisa manja m'khwapa, chifuwa n'kukulirakulira. Nsanje ya nkhalamba imeneyo, anatero mumtima Mayi Zulekha. Munthu amene sanakugulirepo ngakhale ndolo imodzi sangakondwe wina akamuposa.

"Kuwala kumeneku, mwanawe, watsukira sopo wanji?"

"Sinditsuka, mhamha. Madzi amathawitsa mtundu wake wachilengedwe. Ndimangopukuta ndi kansanza, kenako n'kupaka mafuta."

Nzeru zake zinalipo ndithu. Mayi Zulekha anakweza mpango, n'kuvala mkanda uja pakhungu penipeni. Unali wozizira bwino. Anatenga kagalasi, anatembenuzira khosi uku ndi uku, ndipo anaona mkazi amene anamuiwala kalekale. Misozi inalengeza. Ananyamula mwala woyera uja n'kuupsompsona, n'kubwerezanso.

"Amake Nasiri..." anayamba Bambo Yakub.

"Tadikirani, ndikulankhula ine. Nasiri, pita ukawauze ashehe kuti mkazi wapezeka. Zikhadabo tidzamuwenga, thalauzili tidzakolezera moto, koma mtima wotere sugulidwa pamsika wa ku Mbare. Mkandawu ndidzavala tsiku la ukwati, aliyense adzauone. Ndanena pamaso pa bambo ako, ndipo ine sindibweza mawu."

Nasiri sanadikire kuti amve kawiri. Anatuluka chothamanga, patapata imodzi n'kutsalira pakhomo.

Melina anaomba m'manja mwachishona, nkhope ili ngwee. Anasendera pafupi ndi apongozi ake atsopano, n'kuyatsa kamera.

"Maita basa, mhamha, zikomo kwambiri. Taonani pamene ndinatola."

"Ku Nyanga kuja?"

"Aiwa, ya ku Nyanga ndinagulitsa yonse. Iyi ndi ya pompano. Tsiku lina Nasiri anaopa kundilowetsa muno, ndiye pomudikira ndinakwera miyala yosanjikizana yakuseri kwanuku. Ndinapeza mulu wa miyala m'mphako, yonse yosalala kale, ngati wina anachita kusankha. Fungo lokha ndi limene linandithamangitsa."

Mayi Zulekha anayang'ana chithunzicho. Panali chimwala, chitsamba, ndi kanjira kochokera kuseri kwa nyumba yawo, kamene Bambo Yakub ankatsata m'mamawa uliwonse chigumukire chimbudzi.

"Pukutani pakamwa, amake Nasiri," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Woyerawo ndikuukumbuka bwino. Munandisankhira ndinu."