Mwala wa Bambo a Mkwatibwi

Adokotala anatembenuza chithunzi cha impso n'kuloza kadontho koyera, kochepa ngati nyemba. Bambo a mkwatibwi anasuzumira, dzanja lili m'nthiti. Abale, kanthu kameneka n'kamene kanagubuduza munthu wandevu pansi ngati mwana wolandidwa switi? Pomwe ukwati wa mwana wawo uli Loweruka lomweli.

"Njira zilipo ziwiri," anatero adokotala. "Pali makina oswa mwalawo ali kunja kwa thupi, osakuchekani. Koma tizidutswato timatuluka ndi mkodzo nthawi imene tafuna tokha."

"Ngakhale ndili pakati poperekeza mwana?"

"Mwala sudziwa ukwati, bambo. Njira inayo ndi kachubu. Timalowa n'kuutulutsa wonse tsiku lomwelo. Loweruka mukavina."

Bambowo maso anawala. Anafunsa kutalika kwa kachubuko, ngati kali ndi nyali kumutu, ngati mwalawo adzawapatsa akaonetse anzawo. Kenako anafunsa polowera pake. Adokotala anawauza.

Bambo aja anabweza miyendo pamodzi pang'onopang'ono.

"Limbani mtima, amuna anga," anatero akazi awo, akubisa mano ndi mpango. "Ine ndinatulutsa ana asanu, aliyense woposa kanyemba kanuko."

"Chabwino, kachubu komweko. Mulowetsa ndinu, adokotala?"

"Ayi, katswiri wake ndi wina. Mukumudziwa bwino. Si mnyamata akukwatira mwana wanu uja?"

Bambowo anayang'anitsitsa kadontho koyerako.

"Adokotala," anatero motsitsa mawu, "makina aja amapweteka kwambiri?"