Zidole za maso a mabatani

"Zabwezedwa zonse, alamu," anatero Rabson, akuponya thumba la zidole pakhonde pomwe Enifa amasokera pa Golomoti.

Enifa anaimitsa makina. Zidole zansaluzo adazisoka mwezi wathunthu, ndipo Rabson, mng'ono wa mwamuna wake, ndiye ankazitsatsa pa intaneti kwa ogula a kunja.

"Zalakwa chiyani? Msoko wanga sumasuka."

"Si msoko ayi, ndi masowa. Akuti lamulo la kwawoko sililola mabatani pa chidole. Mwana akhoza kuzula batani n'kutsamwa nalo. Maso azikhala a ulusi."

Enifa anatola chidole chimodzi n'kukanda diso lake ndi chikhadabo. Batani linathothoka mosavuta. Mwana wake wa zaka ziwiri, Tamara, anali atapisa kale dzanja m'thumbamo, ndipo Enifa anamukokera kumbali msangamsanga.

"Akunena zoona anthuwo," anatero motsitsa mawu. "Ndichotsa mabatani onse, ndisokenso maso."

"Nthawi yake iti? Oda yatsopano ikufunika Lachisanu. Sokani zina basi."

"Nanga izi tizitaye?"

Rabson anaseka, namanga thumbalo kumbuyo kwa njinga yake yamoto.

"Kutaya? Ndapangana kale ndi mayi wina wa sukulu ya mkaka ku Mtakataka. Azitenga zonse lero lomwe."

"Alamu, kumenekotu ndi kwa ana okhaokha!"

Rabson analiza njinga.

"Lamulolo ndi la ana a kunja, alamu. Za akuno palibe amafunsa."