Wamwana Abwere Naye

Febby anaima pakhonde la telala ku Katete, mwana ali kumsana, fumbi la ku Mkaika lili mbuu kumapazi. Kudepoti ya thonje chikwangwani chinali chitamubweza: "Amayi a makanda asavutike n'kubwera."

Apa panali pepala lolembedwa pamanja: "Tikufuna wosoka. Wosadziwa tidzamuphunzitsa. Wamwana abwere naye, mthunzi ulipo."

Anawerenganso pang'onopang'ono. Anadziona akupalasa makina, nsalu yamaluwa ikutsetsereka pamiyendo pake ngati madzi, mwana ali m'tulo pansi pa mtengo wa mango.

A Karimu, eni shopuyo, anasuzumira pawindo. "Mudziwa kusoka, mayi?"

"Iyayi, bambo," anayankha Febby, manja akumasula kale mbereko. "Mthunzi uja uli pati?"