Chesi ya Patebulo Lagalasi

Abambo Laws anali atangolumphitsa kavalo wawo pamwamba pa asilikali awiri n'kuwadya onse pamene Pearson, mwana wa Amayi Veronica, anatulukira pabalaza ndi chikwama chake cha ku Joni.

Chesi ankasewerayo anatumiza ndi Pearson yemweyo kuti ikongoletse nyumba ya mayi ake ku Area 23. Inali ya miyala yonyezimira, yoyera ndi yakuda, yolemera ngati golide. Inatha chaka patebulo lagalasi, ntchito yake kungopukutidwa fumbi. Chimwalirire amuna awo, Amayi Veronica ankangocheza ndi wailesi.

Tsiku lina a Laws, mlonda wopuma ntchito wa kuseri kwa mpanda, anabwera kudzabwereka makwerero. Ataiona chesiyo, pakamwa panathamanga. "Masewera awa ndimawatha ine!"

Linali bodza lamkunkhuniza. Iwo ankadziwa dirafiti ya zotsekera mabotolo basi. Koma kunyumba kwawo kunali zii, akazi awo anatsogola kale, ana n'kumaimba foni pa Khirisimasi pokha. Ndiye Amayi Veronica atati, "Muzidzandiphunzitsatu," a Laws anavomera msangamsanga.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ankabwera n'kumapeka malamulo. Mfumu inkadya molumpha chobwerera m'mbuyo. Msilikali ankalumpha mnzake. Amayiwo ankangogwedeza mutu, n'kuwathirira tiyi wina. Sabata yonse a Laws ankakhalira moyo maola atatu amenewa, ndipo ankaopa tsiku limene adzagwidwe.

Pearson atapereka moni anasuzumira patebulo, n'kuphulika nako kuseka.

"Abambo, kavalo sayenda choncho! Iyi si chesi, ndi dirafiti yovala suti."

Manyazi anawagwira a Laws. Anadziwa kuti zathera pomwepo, Lamulungu lamawa adzakhala okha pakhonde kuwerenga njinga zodutsa. Anatola chipewa chawo pang'onopang'ono.

"Mundikhululukire, mayi," anatero atazyolika. "Chibadwire sindinasewerepo chesi. Ndakunamizani miyezi yonseyi. Ndinkangosowa wocheza naye."

Amayi Veronica anatembenukira mwana wawo, maso ali psuu.

"Iwe wabwera lero, Lachitatu ukukwera basi. Ine nditsala ndi ndani muno? Tseka pakamwa."

"Koma amayi, mungalole bwanji zoterezi?" anatero Pearson modabwa. "Chesi munandiphunzitsa ndinu, ndipo mpaka lero sindinakugonjetsenipo."

Amayi Veronica anakankhira mpando kwa a Laws. "Khalani pansi, bambo. Mwandidyera awiri, nane ndibweze."