Kadzidzi mu Mtengo wa Mango

A Alufandika anali atakoka kale legeni pamene Jenifer, mwana wa mlongo wawo, anaima patsogolo pawo, kamera ili m'manja.

Kunja kunali kutangocha, ndipo kadzidzi anali phee mu mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo ku Liwaladzi. M'nyumbamo akazi awo ankatsokomola.

"Choka, mwana iwe. Mbalame imeneyi ikuitana maliro."

"Ndijambule kaye, amalume. Kenako muchite zimene mukufuna."

Jenifer anali atazungulira m'mabango onse a ku Dwambazi akujambula mbalame. Anadina kamodzi kokha, n'kuwapatsa amalume akewo kamerayo ndi manja awiri.

M'zikhadabo za kadzidziyo munali khoswe wonenepa, mchira uli lende.

A Alufandika anayang'anitsitsa chithunzicho. Kenako anacheukira pakhonde, pomwe panali matumba a mpunga obooka m'munsi.

Akazi awo anatsokomolanso. A Alufandika anamvetsera mpaka chifuwacho chitaleka, kenako mwala wa m'legeni uja unagwera pansi.

"Tachikuza pang'ono," anatero. "Ndimuone bwino wakubayu."